Tsiku Limene Anadula Kirimu ya Madzi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anakwezedwa kuchoka pa usukambale n'kuyesedwa ukhukhi kunyumba ya bwana wamkulu wa esiteti ya tiyi, kufupi ndi Chinakanaka. Anawauza kuti akakhoza, tisamukira m'nyumba ya malata. Panthawiyo n'kuti tikugona m'nyumba yaudzu yodontha, moti mvula ikabwera tinkasuntha mphasa ngati tikusewera bawo.

Mayeso ake anali keke ya alendo a Lamulungu. Dona, mkazi wa bwanayo, anatchula zofunika zonse, n'kumalizira ndi theka la paundi la kirimu wosasa, mafuta aja oyandama pamwamba pa chambiko. Tsoka ilo, sikelo ya kukhitchini inali itathyoka. Bambo anali ndi kapu yokha, ndipo kufunsa dona kukanaoneka ngati ntchito sakuidziwa.

"Tenga kapu iyi, ndi inzake yopanda kanthuyi," anandiuza. "Pita kusikelo ya masamba a tiyi, a Mukhiwa akakuuze kulemera kwa kirimuyu. Ukakhuthula, usabwerere kuno."

Kunali chiperoni. Phiri linali litabisala, tiyi akununkha chinyontho, ine ndikuyenda ngati mkwatibwi, kapu nditaivundikira ndi tsamba la nthochi. Ndinaima pamzere pakati pa amayi othyola tiyi, madengu awo akudontha.

A Mukhiwa, kalaliki wa sikelo, sanasekepo chibadwire. Analandira kapu ija mwaulemu, n'kuikhazika m'dengu, n'kupachika pambedza. Anachotsa ya dengu. Anachotsa ya kapu, atayeza yopanda kanthu ija. Panatsala theka la paundi. Kenako anakweza maso kumwamba.

"Lero tikudula ya madzi," anatero. "Yatsala kota."

"Komatu ndi mkaka, bambo. Sunanyowe."

"Mwana wa a Likaka, chilichonse chokwera sikelo iyi kukugwa mvula chimadulidwa. Ngakhale iweyo nditakupachika, ndikudula."

Amayi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa. "Walawa, mwanawe! Ifetu n'zatsiku ndi tsiku!"

Ndinakapereka uthenga monga ndinaulandirira: kapu imodzi, kota ya paundi. Bambo anawerengetsa zala, n'kupeza kuti theka likufuna makapu awiri. Masamu awo analibe vuto. Ndikunena izi ngati munthu amene anafika ku koleji, ngakhale kolejiyo ndi ine tinasiyana chaka chisanathe, mwamtendere.

Keke inatuluka mu uvuni ikununkhira bwino kwambiri, koma itakana kuima. Pakati panali phwetete, ikunjenjemera ngati ili ndi malungo. Bambo anaiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkangoona malata athu akuuluka kulowera kuphiri la Chambe.

Ndiye anavala jekete yawo yoyera, n'kutenga timbale takuya, n'kuipakula ndi supuni. Atafika nayo patebulo anaweramitsa mutu, n'kunena mawu amodzi okha: "Pudini."

Timbale tinabwerera kukhitchini ngati tatsukidwa kale. Dona anabwera yekha kudzafunsa kuti pudini imeneyi anaiphunzira kuti. Bambo anayankha kuti kwa a Mukhiwa, ndipo sananame. Mwezi usanathe tinagona m'malata, mvula ikuchita phokoso pamwamba koma osatikhudza.

Masiku ano mdzukulu wanga ali ndi kasikelo ka mabatire. Amadina batani, ya mbale n'kuchoka yokha, n'kundiuza kuti kapu ya kirimu wosasa imalemera pafupifupi theka la paundi. Ndimavomera, chifukwa ndi mwana wophunzira. Koma ndimayamba ndasuzumira panja kaye, kuona ngati kukugwa mvula.