Kachilombo kena

Mpunga utakanika chaka chachiwiri chotsatizana, ndinaganiza zopita ku Joni. Mwana wanga ndinawasiyira achemwali anga, a Esinati, amene anandilera mayi atamwalira. Anandiperekeza mpaka pamsewu atasenza chikwama changa, akundiseka kuti kumeneko ndikaiwala kugwira khasu.

Ku Joni ndinkachapa ndi kusita m'nyumba ya eni. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe ku Domasi, zotsala zinkathera lendi. Lamulungu ndinkangodzitsekera m'kachipinda kanga, kumvetsera mobwereza mauthenga a pafoni ochokera kumudzi. Ndinkasungulumwa, osanama.

Tsiku lina achemwali anatumiza uthenga. Anali atapita koyezetsa khomo la chiberekero, ndipo anamwino anawauza kuti awapeza ndi kachilombo, abwerenso. Kwathu ukati kachilombo, aliyense amadziwa kamodzi komweko. Achemwali sanawauze amuna awo, alamu anga. Anakwera njinga mwakachetechete kukayezetsa magazi kuchipatala china.

"Ndilibe, Fane," anandiuza pambuyo pake akuseka. "Anamwino aja anasokoneza. Ndibwererenso kukatani?"

Ndinavina ndekha m'khitchini ya abwana.

Patapita zaka, alamu anandiimbira kuti ndibwere msanga. Ndinawapeza achemwali ali pamphasa, atatha ngati si iwo, magazi osaleka. Titapita kuchipatala ku Zomba, dokotala anandikhazika pansi.

"Si ka Edzi ayi, ndi kena," anatero. "Selo ya m'thupi ikalowedwa ndi kachilombo imadzipha yokha kuti zinzake zipulumuke. Koma aka kamailetsa kufa. Kamabisala momwemo, chitetezo cha m'thupi osakaona, maselo owonongekawo n'kumangoswana. Imeneyo ndiye khansa."

Ndinafunsa ngati achemwali akanachira akanabwerera kwa anamwino nthawi ija. Anati kunali kungowotcha pamalopo, tsiku lomwelo n'kupita kunyumba. Pano khansayo yafalikira. Mtima unandipweteka, ndipo ndinakwiya osadziwa womukwiyira.

Pobwerera, achemwali anatsamira paphewa panga m'minibasi.

"Ukawauze anthu kuti si ka Edzi," ananong'ona. "Asamandinene."

Amayi a kumpingo atabwera kudzazonda, ndinawafotokozera zonse monga ananenera dokotala. Ambiri mwa iwo ndinakula nawo, ndipo nditafunsa, amene anayezetsapo khomo la chiberekero anali ochepa. Anamvetsera mwaulemu, manja ali pamiyendo. Kenako ndinaona mitima yawo ikukhala pansi.

"Aa, bola," anatero mayi wina wachikulire akukonza duku. "Ngati si kaja, achira amenewa."