Pikapu Yopendekera Mbali ya Dalaivala

Dzina loti Mulingo silinali la makolo. Linabwera chifukwa cha tepi yachitsulo imene sinkachoka m'thumba la ovolosi yawo. Galimoto ikalowa pa galaja pawo, asanapereke n'komwe moni kwa mwini wake, ankayamba agwada pa tayala lililonse n'kuyeza kuchokera pansi kufika pa mudigadi. Akatero ankalemba manambala anayi ndi choko pa simenti, kenako n'kudzuka akusasa maondo.

"Mwaswera bwanji, bwana? Galimoto yanuyi ikutsimphina."

Ntchitoyi anaiphunzira kwa malume awo, munthu waukali amene ankakonda injini zokha. Zonse zapansi, zauve ndi zadzimbiri, ankasiyira mwana wa mlongo wawoyo. Zaka zisanu ndi ziwiri a Mulingo anazithera chagada pa katoni, akumasula masipuling'i, fumbi likuwagwera m'maso. Chala chimodzi cha dzanja lamanzere anachisiya komweko tsiku lina jeke itaterereka. Atatsegula galaja yawoyawo za injini sanazifunenso.

"Injini ili ndi madokotala ambiri," ankatero. "Ine ndine wa miyendo."

Galajayo inali shedi yamalata yokhala ndi dzenje lasimenti pakati, benchi ya makasitomala pambali, ndi mpopi wa madzi pakona. Kuseri kwa khoma kunali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene ankawotcherera zitsulo. Anali munthu wamimba, wanthabwala, ndipo kwa zaka makumi awiri anthu awiriwa ankanyozana tsiku ndi tsiku popanda kudana.

Chimene a Mulingo anatchuka nacho chinali kukweza mapikapu. Pikapu imachoka ku fakitale itazyolika kutsogolo, kumbuyo kuli m'mwamba, kuti ikasenza katundu iwongoke. Koma pa msewu wokumbika kutsogoloko kumakhula miyala. Iwo ankaika mphete zachitsulo zokhuthala pamwamba pa masipuling'i akutsogolo, mphuno n'kudzuka masentimita anayi kapena asanu. Wina akapempha zoposa pamenepo ankamukanira.

"Mukufuna galimoto kapena nsanja? Pakhota mudzagubuduka, anthu azidzati Mulingo wapha munthu."

Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, Lolemba lina m'mawa, panalowa pikapu yoyera ikuyenda ngati ikuopa kuponda pansi. Munatsika mayi wamfupi, wovala zakuda. A Mulingo anaona kuti mpando wa dalaivala unali kutali kumbuyo, ndipo mayiwo ankayendetsa atakhala m'mphepete mwenimweni, atatsamira pilo kuti miyendo ifike.

"Galimotoyi inali ya bambo akunyumba," anatero mayiwo. "Anatisiya miyezi isanu yapitayo. Tili ndi khola la nkhuku kunja kwa tauni, ndiye mvula yawononga msewu. Ndikamabwera ndi mazira pansi pamakhula. Akuti inu mumakweza."

A Mulingo anapepesa za malirowo, n'kugwada ndi tepi yawo. Mbali ya dalaivala inali yotsika, kutsogolo masentimita atatu, kumbuyo awiri.

"Malemuwo anali ndi thupi?"

Mayiwo anamwetulira pang'ono. "Kwambiri. Akamakwera, galimoto inkachita kulira."

"Ndiye masipuling'i a mbali yawo anatopa. Zimachitika. Tisintha amenewo, kenako tikweze. Mubwere Lachitatu."

Lachiwiri dzuwa likupendeka ntchito inali itatha. Masipuling'i atsopano, mphete zatsopano, mabawuti onse omanga bwino. Anayeza, manambala a mbali ziwiri n'kufanana ndendende. Anatseka geti mtima uli m'malo.

Lachitatu m'mawa, akutsegula, maso awo anaona tepi isanatuluke n'komwe m'thumba. Pikapu ija inali itapendekeranso, masentimita atatu omwe aja. Anayeza mpweya wa m'matayala, unali bwino. Anaganiza kuti mwina ndi simenti, choncho anaitembenuza galimotoyo kuti iloze kugeti. Inapendekerabe mbali ya dalaivala. Anaimbira mayi aja kuti awonjezere tsiku limodzi, n'kumasulanso zonse. Sipuling'i ya kumanja anaipititsa kumanzere, ya kumanzere kumanja. Atatsitsa jeke galimoto inaima chilili, yowongoka bwinobwino. Anapita kukamwa tiyi, pobwera anapeza yapendekera komwe kuja.

Apo ndi pamene anaitana mlamu wawo.

"Alamu, tabwerani mundionere chasisi ichi, mwina chinapindika."

Wowotchererayo analowa m'dzenje ndi tochi, n'kuyang'ana chimango chachitsulo cha pansi pa galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anatuluka akupukusa mutu.

"Chowongoka ngati njanji. Vuto ndi tepi yanuyo, alamu. Yakalamba ngati mwini wake."

Anakatenga yake. Inanena zomwezo.

"Takwerani mbali inayo tione," anatero a Mulingo.

Mlamuyo anakhala pa mpando wa wokwera, galimoto n'kutsika mbali imeneyo monga iyenera kuchitira ndi munthu wa mimba yotero.

"Tsopano pa dalaivala."

Anazungulira n'kudziponya pampandopo. A Mulingo anali atagwira tepi pa mudigadi, diso lili pa nambala. Sinasunthe, ngakhale kukula kwa chikhadabo.

"Mwakhala?"

"Ndakhala."

"Takwezani miyendo yonse."

"Ili m'mwamba."

Kunja minibasi inkaitanira anthu, wina ankamenya chitsulo patali. Mlamuyo anatsika pang'onopang'ono, n'kuyamba kusasa kumbuyo kwa buluku lake ngati wakhalira chonyowa.

"Alamu, galimoto iyi yakhala pamthunzi chigonere?"

"Chilowere Lolemba."

"Nanga mpandowu ukufunda bwanji?"

Sanadikire yankho. Anabwerera kuseri kwa khoma, ndipo tsiku limenelo nthabwala sizinamvekenso.

Lachinayi a Mulingo anabwezera chilichonse m'malo mwake. Mabawuti otsiriza amamangidwa galimoto itaima pa matayala ake, choncho anaiyendetsa pamwamba pa dzenje n'kutsikiramo ndi sipanala. Anali masana enieni, malata akuthetheka ndi dzuwa, mlamu wawo atapita kukagula ndodo zowotcherera. Geti anali atalikoka.

Ali mkati momanga, anamva sipuling'i ikulira pafupi ndi khutu lawo, kweee. Chitsulo chimene chinali chitatsala pang'ono kuwagunda chipewa chinakwera chokha iwo akuona. Ankaudziwa bwino mkokomo umenewo, anali ataumva kambirimbiri munthu wolemera akamatsika m'galimoto. Koma chitseko sichinatseguke.

Kenako tizidutswa tazitsulo tomwazika pa simenti tinayamba kulira, tswa, tswa, tswa, kulowera kukona. A Mulingo anasuzumira pakati pa matayala. Anaona miyendo ya benchi, chitini cha girizi, tsache. Miyendo ya munthu panalibe. Mpopi unatseguka, madzi n'kuyamba kuthira, ndipo phokoso lake linkadukaduka monga limachitira wina akaikapo manja. Unatsekeka. Tswa, tswa, tswa, kubwerera. Mapaziwo anaima m'mphepete mwa dzenje, pamutu pawo penipeni, ndipo kamchenga kanayoyokera pa phewa lawo.

Mawu amene anatuluka sanawakonze, anangotuluka monga ankatulukira kwa kasitomala aliyense wotopa ndi kudikira.

"Pepani bambo, tatsala pang'ono kumaliza."

Panapita kanthawi. Sipuling'i inaliranso, chitsulo chija n'kutsika mpaka kukhudza chipewa.

Anatuluka m'dzenjemo chokwawa, n'kukakhala kunja kwa geti padzuwa. Simenti ya pansi pa mpopi inali yonyowa.

Mayi aja atabwera madzulo a tsiku lomwelo, a Mulingo anayamba ndi manambala, chifukwa ndi zimene ankadziwa kufotokoza. Ananena za masipuling'i, za chasisi, za mlamu wawo pa mpando. Za mpopi anazengereza nazo, koma anazinenabe, maso ali pansi. Ankayembekezera kuti mayiwo akuwa kapena awanena kuti aledzera.

"Inali nthawi yanji?" anafunsa mayiwo.

"Dzuwa lili paliwombo."

"Ndi nthawi yawo imeneyo. Kulikonse tingakhale, ankaima kuti asambe m'manja ndi kumaso. Ankamva kutentha kwambiri." Anakonza mpango wawo. "Mukuganiza kuti mpando uja sindiusuntha chifukwa chiyani? Ine sindinabwere kuti muwachotse, bambo. Ndinabwera kuti galimoto isamakhule pansi."

Lachisanu a Mulingo anachita chimene anali asanachitepo chiyambire ntchito. Anapempha mlamu wawo kuti awadulire mphete ina yoonjezera, n'kuiika mbali ya dalaivala yokha, kumbuyo n'kuikako kachitsulo kochindikala. Galimoto inawongoka. Mayiwo anathokoza, anakonza pilo wawo, n'kutuluka pageti pang'onopang'ono.

Patatha milungu itatu pikapu yoyera ija inalowanso. Ulendo uno mbali ya dalaivala inali m'mwamba.

"Ikukokera kumbali," anatero mayiwo. Nkhope yawo inali itagwa kuposa poyamba.

A Mulingo anayeza. Masentimita atatu, okwera.

"Bambo aja anatsika?"

"Anatsika."

"Liti, mayi?"

"Tsiku lomwe lija. Nditangotuluka pageti panupa ndinamva kuti ndili ndekha. Ndinkayesa anditsatira, ndiye ndinadikira. Mpaka lero."

Mayiwo anakhala pa benchi nthawi yonse imene a Mulingo ankachotsa zoonjezera zija, akuyang'ana uku ndi uku m'shedimo ngati munthu amene wabwera kudzaona kumene mwana wake akuchita lendi. Ntchito itatha analowa m'galimoto, anagwira chitsulo cha pansi pa mpando n'kuukokera kutsogolo. Pilo uja anamuponya kumbuyo. Asanalize injini anatulutsa mutu pawindo, koma sanayang'ane a Mulingo.

"Ndapita, bambo ake ana," anatero chapansipansi.

A Mulingo anali ndi pikapu yawo yakale, yobiriwira, imene ankaiimika pansi pa mtengo kunja kwa shedi. Poweruka tsiku limenelo anaima patali n'kuiyang'ana. Inali itapendekera mbali ya wokwera. Anadzifunsa kuti yakhala choncho kuyambira liti, n'kukumbukira kuti masiku amenewo chiwongolero chinkawalemera pokhota, iwo n'kumanamizira tayala. Anabweza makiyi m'thumba n'kupita kunyumba wapansi. Mawa lakenso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu maondo anakana. Anatsegula chitseko, anakhala, n'kuyang'ana kutsogolo kokhakokha.

"Tiyeni," anatero.

Palibe chinachitika. Anafika kunyumba bwinobwino.

Akazi awo anakwera kamodzi kokha, popita kukaona wodwala. Asanafike n'komwe pa mphambano anati, "Taimani." Anatsika n'kukakhala kumbuyo pa tayala lapadera, mphepo ikuwaomba.

"Kutsogoloko kwatani?"

"Kukupanikiza. Musandifunsenso."

Mlamu wawo anawauza kuti aigulitse, kapena aiwotche. A Mulingo anakana zonse ziwiri.

"Ndigulitse munthu galimoto yopendekera, ine? Ndiponso sanandilakwire. Salankhula, sasuta, sandiuza njira. Akanakhala inu bwenzi nditakutsitsani kalekale."

Anayenda nayo choncho zaka zinayi. Ntchito inapitirira, mapikapu ankabwera ozyolika n'kumachoka atadzutsa mphuno. Chimene chinasintha n'choti a Mulingo sankatsikiranso m'dzenje pakakhala palibe munthu wina m'shedimo, ndipo anthu anaona kuti mkulu uja anayamba kumayankhula yekha poyendetsa, nthawi zina mpaka kuseka.

Kenako maso anayamba kuchita nkhungu. Manambala a pa tepi anasanduka nyerere, ndipo tsiku lina anaika mphete mozondoka. Mwana wawo wamkazi, amene anali namwino mumzinda wina, anati basi, akakhale kwa iye. Zida anagawira anzawo. Pikapu yobiriwira anaisiyira mlamu wawo, amene anavomera pokhapokha ikakhala kuseri, batire atachotsa.

Tsiku lonyamuka mwanayo anabwera ndi kagalimoto kake katsopano. A Mulingo ndi akazi awo anakhala kumbuyo. Anadzera kugalaja kukatsanzika, mlamu uja n'kuwanyoza komaliza misozi ili m'maso. Atangolowa mumsewu, m'galimotomo munayamba kulira kabelu, ti, ti, ti.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa a Mulingo.

"Ndi ka lamba, ababa. Kamalira pampando pakakhala munthu amene sanamange. Chikwama changachi ndiye chikukapusitsa."

Anachotsa chikwamacho pa mpando wakutsogolo n'kuchipereka kwa amayi ake. Kabelu kanapitirira, tsopano mofulumira. Mwanayo anamenya mpandowo ndi chikhatho kawiri.

"Iii, galimoto yatsopano yomweyi yayamba kale misala?"

Amayi ake anafumbata chikwama chija pachifuwa n'kuyang'ana kunja.

"Ima pambali, mwanangu," anatero a Mulingo. "Koka lambayo umange."

"Ndimange mpando wopanda munthu?"

"Manga basi. Ulendowu ndi wautali."

Mwanayo anaseka, anaima, n'kukoka lamba uja mpaka kuti kha. Kabelu kanasiya. Analowanso mumsewu, n'kuyamba kuwafotokozera za chipinda chimene anawakonzera ndi za dokotala wa maso amene adzawaone Lolemba.