Chingwe Chimene Ndinaphika ku Biwi

Chaka chimene banja langa linatha ndinkakhala ku Biwi, m'chipinda chakumapeto pa mdadada wa nyumba za lendi, moyandikana ndi bafa. Masana ndinkawotcherera mageti ndi mawindo, madzulo ndinkabwerera kukayang'anizana ndi khoma. Ndinkasungulumwa, ndisabise. Panali masiku ena a Lamlungu amene dzuwa linkalowa ndisanayankhule ndi munthu, kupatula kukalipira mbaula ikamakana kuyaka.

Mkazi wanga anabwerera kwa makolo ake ku Chinsapo, ndipo mwana wathu wamkazi anapita naye, poti kwathu mwana ndi wakuchikazi. Ankhoswe anagamula kuti ndizikamuona Loweruka lomaliza la mwezi. Poyamba ankandithamangira ndikadali pa geti. Kenako anayamba kugwada patali n'kundipatsa moni wopatsa mlendo wa kutchalitchi. Mawu akuti "adadi" anangosowa pakamwa pake. Masikono amene ndinkamutengera ankalandira ndi manja awiri, n'kukapereka kwa amayi ake, osatulukanso. Ndinaona kuti ndikagona tulo ndidzangokhala bambo uja wa masikono, ndipo zimenezi zinkandiwawa kuposa kutha kwa banjako.

Pakhonde la golosale ina pafupi ndi kuntchito panali telala wachikulire wa ku Mangochi. Paunyamata wake anayendapo m'masukulu ndi anthu amatsenga aja ankasonkhanitsa ana m'kalasi n'kutseka mawindo. Tsiku lina ndikudikira ovolosi yanga, anatola kachingwe, n'kukadula pakati ndi sizasi, n'kukafumbata, n'kukatulutsa kathunthu. Ndinaseka mpaka ndinadzidabwa ndekha. Ngati kachingwe kaseketsa ine, munthu wa nkhope ngati chitseko cha selo, kuli bwanji mwana wanga wa Sitandade 1?

"Mundiphunzitse, bambo," ndinatero.

"Palibe mankhwala apa, achimwene, ndi zala basi," anayankha. "Koma chingwe chikakhala chamwano, zala sizithandiza."

Anandionetsa chinsinsi chake. Sudula pakati penipeni ayi. Umabisa kansonga m'dzanja, n'kudula kachidutswa kakumapeto, anthu n'kumayesa wadula pakati. Chingwe chimangofupika pang'ono, osaonera n'komwe.

Ntchito inakula pa chingwecho. Cha nayiloni, chabuluu chija timayanikapo zovala, chimaterera ndipo chimadzipinda mmene chikufunira chokha. Cha khonje ndiye ayi, chimabaya zala, ndipo mfundo yake ikagwira yagwira, n'chifukwa chake timamangira mbuzi. Chofunika chinali cha thonje, choyera, cholukidwa, chonenepa ngati kachala kakumapeto. Ndinazungulira mabenchi a hadiweya mumsika waukulu ku Old Town, ndikufunsa chingwe chofewa, chosakanda khungu. Wogulitsa wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti chatha, chikhalirecho ndikuchiona chapachikidwa kumbuyo kwake. Ndinachoka ndikung'ung'udza za amalonda okana ndalama. Tanthauzo la maso akewo ndinadzalimvetsa pambuyo pake.

Ndinachipeza kutsidya kwa mtsinje, pa kaunjika, chili chomangira makatani akale. Telala uja anachipinda, kuchinunkhiza ngati fodya, n'kuvomera. Koma anati chikadali ndi mtima. Zingwe zoterezi zimakhala ndi ulusi wolimba m'kati, ndipo uyenera kuusolola wonse kuti chitsale chikopa chokha. Umafumbula nsonga, kugwira ulusiwo, n'kumakankha chikopacho pang'onopang'ono ngati ukutsuka matumbo a mbuzi. Ukatero uchiwiritse ndi sopo kuti chifewe, uchimenye pamwala, uchiyanike pamthunzi poti dzuwa limachiumitsa gwa. Nsonga zake sungaziwotche ngati nayiloni, umazikulunga ndi ulusi wosokera. Anandiuzanso kuti ndizidzola mafuta m'manja, chifukwa zikhatho za wowotcherera zimakola thonje ngati chisoso.

Ndinachita zonsezi Lamlungu masana. Mbaula pakhomo, chitini pamoto, ine ndikutakasa chingwe ndi kamtengo ngati ndiwo. Mwini nyumbazo, amayi amasiye a ku Dedza, anadutsa ndi ndowa yawo n'kusuzumira m'chitinimo, n'kupitirira. Sindinadabwe, moni wathu unkathera pa lendi. Nditachimenya pamwala ndinasowa poyanika. Panja ana akanachitenga n'kukasewerera jingo. Nyumba zathu zinalibe siling'i, mitanda inali poyera, choncho ndinakokera mpando pakati pa chipinda, n'kukwerapo, n'kuponya chingwe pa mtanda.

Sindinamve odi. Ndinangomva manja andigwira miyendo, zolimba.

"Tsikani, mwana wanga," anatero amayi aja, motsitsa mawu. "Tsikani tikambirane."

Nditatsika anasolola chingwe chija, chili chonyowa, n'kuchifunyira m'chitenje. Apo m'pamene zonse zinandilowa m'mutu: mwamuna womuchokera mkazi, wosayenderedwa ndi munthu, wopanda mbuzi, wasakasaka chingwe chosakanda khungu, ndipo tsopano ali pampando. Ndinapsa mtima. Ndinati ine si munthu wotero, chingwecho ndi cha matsenga. Mawu amenewo anangoipitsa zinthu. Zaka zimenezo nkhani za ufiti zinali ponseponse m'makomboni, ndipo amayiwo anali opemphera. Ndinawapempha kuti andibwereke chingwecho ndi sizasi. Ndinadula, kufumbata, kutulutsa, koma kachidutswa kobisika kaja kanandipulumuka n'kugwera pamapazi awo.

Anakatola, kukayang'ana, n'kupumira m'mwamba. "Ufiti wake ndi womwewu? Ndiye mudzagona ndi njala." Sanaseke. Anati mlongo wawo kumudzi nayenso ankangoti ali bwino, ali bwino, mpaka m'mawa umene anakamupeza mu mtengo wa mango.

Chingwe sanandibwezere. Chinkagona kwawo. Ndikaweruka ankandipatsa kuti ndiyeserere pakhonde, iwo akusankha nyemba chapomwepo, ndipo kukayamba kuda ankatambasula dzanja. Zinkandinyansa kusungiridwa chingwe ngati mwana wolandidwa legeni. Komabe ndikakhala ndekha ndinkakumbukira manja aja pamiyendo yanga, n'kuzindikira kuti chichokereni mkazi wanga palibenso munthu wina anandikhudzapo.

Loweruka lija litakwana anandipatsa chingwe chitapindidwa bwino mu jumbo, n'kundiuza kuti pobwera ndidzagogode.

Ku Chinsapo anandiyalira mphasa kuseri kwa nyumba monga mwa masiku onse. Mwana anabwera, kugwada patali, kupereka moni, kulandira masikono. Asananyamuke ndinatulutsa chingwe n'kumuuza kuti akoke aone ngati n'cholimba. Anakoka ndi zala ziwiri. Ndinachipinda, kudula, kumuonetsa nsonga zikulendewera, kumanga mfundo, kufumbata, kuuzira mpweya. Nditatambasula, chingwe chinali chathunthu, choyera, chofewa ngati mchira wa mphaka.

Sanaseke. Anasendera pafupi mpaka bondo lake linakhudza langa. Anachiyendetsa m'zala kuyambira uku mpaka uko, kufunafuna chilonda. Kenako anatola sizasi pamphasa, ndipo ndisanamugwire dzanja anali atadula. Pakati penipeni. Chingwe chophika sichilimbana ndi sizasi.

Anandipatsa zidutswa ziwirizo, china dzanja ili, china ili.

"Lumikizaninso."

Amayi ake anali ataima pakona ya nyumba ndi beseni, akuonerera. Ndinayang'ana zidutswazo nthawi yaitali. Ndikanatha kunama kuti matsenga sagwira kawiri pa tsiku, ndipo bodzalo linafika mpaka pamilomo. Koma mwanayo ankandiyang'ana m'maso, koyamba pa miyezi yambiri.

"Chikaduka zenizeni sindingathe, mwana wanga," ndinatero. "Ndingathe kungomanga."

Ndinamanga mfundo wamba, yomangira katundu pa njinga, n'kuikoka ndi mano. Inali yaikulu, yonyansa, yoonekera patali. Anaigwiragwira, n'kuyesa kuimasula, koma inakana. Anaimirira, kugwira nsonga zonse ziwiri, n'kuyesa kulumpha jingo. Chingwe chinali chachifupi, chinamukola m'miyendo. Anayesanso atawerama, mfundo ija ikumenya pansi, fumbi kuti buu.

Nthawi yonyamuka itakwana sanandibwezere, ndipo ine sindinachipemphe. Anandiperekeza mpaka pa geti akuchikoka pansi.

"Adadi, mwezi wamawa mudzabweretse chachitali."

Mu minibasi ndinakhala pawindo, kuti anthu asandione nkhope. Nditafika ku Biwi ndinagogoda monga anandiuzira. Amayi aja anatsegula n'kutambasula dzanja kuti alandire chingwe chawo. Ndinawaonetsa jumbo yopanda kanthu.

"Chili kuti?"

"Chatsala ndi mwini wake," ndinatero. "Mawa ndikasaka china, chachitali."

Anapatuka pakhomo. "Chimenecho mudzayanike kwanu konko," anatero. "Lowani, tiyi akadali wotentha."