Mwala Umene Unkayenda Wokha

Anthu ankawaitana a Tcheni, ndipo dzinali linawakanirira mpaka akazi awo omwe analeka kuwaitana lina. Anayamba kukonza njinga asanamere ndevu, pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Pofika pomera imvi anali ndi kashopu ka malata kumapeto kwa msewu, pamene phula limathera ndipo phiri limayambira. Mkatimo munkamveka fungo la girizi ndi la guluu womatira machubu. Sipanala iliyonse inali ndi msomali wake pakhoma, ndipo kuseri kwake anajambulako chithunzi chake ndi penti kuti ikasowa adziwe msanga yasowayo. Pampu sankabwereketsa. Ankati wobwereka pampu amabweza moni wokha.

Ndi iwo amene analambula njira za njinga m'phirimo, zaka zinayi zathunthu, khasu lili paphewa. Njirazo zinali zitatu. Yoyamba inkazungulira m'munsi mwa phiri, kudutsa mumthunzi wa mitengo ndi m'mbali mwa damu, ndipo ngakhale wophunzira dzulo ankabwerako osaguluka khungu. Yachiwiri inkakwera mpaka pathanki ya madzi, pamene munthu amaona madenga onse a m'tauni akung'anima pansi. Yachitatu inkatsetsereka m'miyala ndi m'mizu kukathera kuphompho, ndipo a Tcheni ankati imeneyo ndi ya anthu amene atsanzika kale kunyumba.

Zikwangwani zamatabwa chiswe chinadya. Zachitsulo otola zitsulo anazula. Ndiye a Tcheni anasankha miyala, yaikulu ngati buledi, n'kuipaka penti: woyera wa oyamba kumene, wachikasu wa ozolowera, wofiira wa akatswiri. Pamphambano iliyonse ankaikapo mwala pakamwa pa njira yake. Ankanyadira nzeru imeneyi. Ndani angabe mwala?

Koma Loweruka lina mwala woyera unayenda. Pamphambano yoyamba, pamene njira zimachoka mumsewu wafumbi wotsika kuchokera kokumba mchenga, yoyera inkapita kumanzere, yofiira kumanja. Tsikulo mwala woyera unapezeka kumanja, utaphimba wofiira uja m'maudzu. Anamwino ena a zaka makumi asanu, amene anali atangoyamba kupalasa pofuna kuchepetsa thupi, anautsatira mokhulupirika. Anakawatola m'ngalande dzanja litathyoka.

Mkulu woyang'anira nkhalango ya m'phirimo anabwera kushopu Lolemba. Sanakhale pansi. Anati wina akadzangovulalanso, adzamanga geti ndi unyolo ndipo njinga sidzalowanso m'phirimo. A Tcheni anangovomera ndi mutu, mtima uli m'malere, chifukwa Loweruka likubweralo aphunzitsi awiri anali atalonjeza kubweretsa atsikana a kusekondale khumi ndi awiri kudzayesa njira yoyera koyamba.

Mwalawo anaubwezera pamalo pake. Lachitatu anaupezanso kumanja.

Kuyambira pamenepo aliyense wolowa m'shopu ankamuyang'ana m'zikhadabo kufuna penti yoyera. Anaganizira amayi otola nkhuni, amene ankadandaula kuti njinga zimawadzidzimutsa. Anaganizira mwini mbuzi wa kuseri kwa damu. Koma atabwerera pamphambano paja n'kugwada, anaona mzere wakuda pamwala ngati wa jombo la labala, ndipo m'fumbi munali mapazi a galimoto, tayala lina lakutha psiti, lina la mizere yokhotakhota. Munthu wokonza matayala saiwala tayala. Galimoto imeneyo inali ya alamu awo.

Alamuwo, achimwene a akazi awo, ankatuta mchenga pakagalimoto kakale kopanda batire lodalirika, n'chifukwa chake tauni yonse inkawaitana a Kankhani. Chaka chatha anapempha kuti azinyamula opalasa njinga kukawatula pamwamba pa phiri kuti azingotsetsereka. A Tcheni anakana pagulu, n'kunena kuti wokwera phiri pagalimoto asadzatsike panjira yawo. Chiyambire tsikulo awiriwa ankapatsana moni wa hutala ndi belu basi.

Madzulo a Lachinayi, akudya, a Tcheni anaitulutsa nkhaniyo mozungulira. Anati pali anthu ena amene akakanizidwa chinthu amasunga kumtima. Anati pali anthu ena amene amaseka nawe paukwati koma kuseri akukukumbira dzenje. Akazi awo anawasiya kuti amalize, kenako anaika sipuni pansi.

"Ngati mukunena achimwene anga, atchuleni," anatero. "Koma ndikuuzeni, bambo. Munthu uja ndi waulesi, si woipa. Iyeyo kunyamula mwala popanda womulipira? Ndiye kuti simukumudziwa."

 Mumtima a Tcheni anati magazi sachitirana umboni woona.

Lachisanu m'mawa sanatsegule shopu. Anabisa njinga m'tchire n'kukhala kuseri kwa chulu, pamene ankaona mphambano yonse. Nyerere zinawalowa m'buluku, iwo osagwedezeka. Anali atakonza kale mawu oti akanene kwa mkulu wa nkhalango, ndi ena, aatali kuposa amenewo, oti akanene kwa akazi awo.

Dzuwa litakwera pang'ono, kagalimoto kaja kanatulukira kumtunda, katadzaza mchenga, nthunzi ikufuka kutsogolo. Kanaima pamtsetse, pamphambano penipeni. A Kankhani anazimitsa injini, anasiya galimoto m'giya, n'kudumpha. Sanayang'ane uku kapena uku ngati munthu wochita zobisa. Analunjika pamwala woyera uja, anaunyamula, n'kuutsamiza kutsogolo kwa tayala, chifukwa buleki ya m'manja inafa kalekale. Kenako anatenga chigubu, anatsikira kukamtsinje akuimba mluzu, n'kudzathira madzi mu injini yotenthayo. Atatha anausolola mwalawo, n'kuuponya mbali imene inali pafupi ndi chitseko chawo, kumanja.

A Tcheni anatuluka kuseri kwa chulu akukutumula buluku.

"Alamu," anatero, "mwala umenewo mukuudziwa?"

A Kankhani anadzidzimuka, kenako anaseka. Anafunsa ngati alamu awo ayamba ntchito yolondera chulu. Za mwalawo anati ndi wabwino kwabasi, wafulati mbali imodzi, ndipo amene anaupaka penti adalitsike, chifukwa sabata ziwiri izi, chiyambire kutenga mchenga kumtundaku, savutikanso kusakasaka m'maudzu.

A Tcheni anawauza za anamwino aja, za dzanja, za unyolo, za atsikana khumi ndi awiri a mawa. Anawauza tanthauzo la woyera ndi la wofiira. Polankhulapo anazindikira kuti m'zaka zonsezi anafotokozera mitundu imeneyi aliyense wokhala ndi njinga, koma sanafotokozerepo aliyense wopanda njinga amene amadutsa mumsewuwo.

A Kankhani anavula chipewa. Anayang'ana mwala, anayang'ana njira yotsetsereka ija nthawi yaitali.

"Ndiye inu mwakhala mukuganiza kuti ndikuchitira dala?"

"Tayala lanu ndinaliona."

"Tayala munaliona, koma pakhomo panga simupadziwa? Mukanangofunsa, alamu. Kapena kufunsa nakonso simubwereketsa, ngati pampu?"

Mawu onse amene a Tcheni anakonza kuseri kwa chulu anali a mlandu wina.

Masana amenewo mchenga uja sunafike kumene unkapita. Awiriwo anagula simenti yosakaniza ndi mchengawo, ndipo a Tcheni anatulutsa mafoloko akale a njinga, zitsulo zogwira tayala lakutsogolo, amene anaunjikana kuseri kwa shopu. Pamphambano iliyonse anakumba dzenje, anaimika foloko, anathira konkire, n'kuipaka penti ya njira yake. A Kankhani ndi amene ankakandira simenti, akudandaula msana njira yonse. Pomaliza a Tcheni anasema chipika chamtengo chotsamizira tayala, n'kuchimangirira kugalimoto ndi tcheni chakale cha njinga kuti chisadzasowe.

Loweruka mkulu wa nkhalango anabwera, unyolo uli m'chikwama. Anagwira foloko yoyera ndi manja awiri, anaigwedeza, koma sinasunthe. Chikwamacho sanatsegule. Atsikana anadutsa mmodzimmodzi, ena akupepesuka, wina akukuwa kuti mnzake amuchokere kutsogolo. A Tcheni anaima pakamwa pa njira yofiira, manja atatambasula ngati wolondera nkhuku, ngakhale panalibe amene ankalowera kumeneko. Anawawerenga popita, anawawerenganso pobwera. Anakwana.

Mwala woyera uja tsopano umatsamiza chitseko cha shopu. A Kankhani akabwera kudzapopetsa tayala amaupatsa moni asanapatse moni alamu awo. Koma Lachitatu lililonse a Tcheni amakwerabe mpaka pamphambano kukagwedeza foloko ija ndi kuwerenga mapazi a m'fumbi. Nthawi zina, akumanga masipoko, amaima n'kufunsa akazi awo ngati n'zoonadi kuti munthu angaone mwala wopakidwa penti bwinobwino m'tchire osadzifunsa kuti ndi wa chiyani.

Akazi awo amati inde, achimwene awo angathe.