Kavalo Wodwala ndi Mpunga wa Amayi

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, titangokhazikika kutsidya kwa nyanja, m'tauni ya Rotherham, komwe amayi ankagwira ntchito ya unamwino. Loweruka lililonse ndinkapita kunja kwa tauni kukapesa akavalo a mayi wina wamasiye, a Margaret, ndipo malipiro anga anali kukwera Toby, kavalo wokalamba amene amuna awo anawasiyira.

Toby ankadya bwino koma ankangowonda. Nthawi zina m'mimba munkamupota, n'kumapalasa pansi ndi mwendo, kucheukira kunthiti kwake, thukuta kamukamu. Dokotala wa ziweto atamuunika m'mimba ndi makina a sikani anati matumbo ake ndi otupa, khungu lake la m'kati lakhuthala, choncho chakudya chimangodutsa osalowa m'thupi. Anati mankhwala akakanika, kudzakhala bwino kumubaya jekeseni woti afe mosamva ululu. Ine ndinalira njira yonse m'basi.

Amayi anayamba ndi kundiseka. "Kavalo mpaka sikani? Koma dziko lino!" Komabe mawa lake, atachoka ku shifiti, anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu. Kwathu matenda sazonda chimanjamanja, ndiye ananyamula thumba la makaroti ndi maapozi.

Titafika, a Margaret anawaimitsa pakhomo la khola. Toby anali atapotedwanso m'mawa, ndipo dokotala analetsa kumupatsa kalikonse. Ndinachita manyazi, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Amayi sanatekeseke. Anaika thumba pansi, n'kuyang'anitsitsa mayiyo: maso ofiira, udzu m'tsitsi, chingwe cha Toby chili m'manja.

"Chabwino, wodwala sakudya," anandiuza m'Chichewa. "Tawafunsa a gadiyaniwa, iwo adya liti?"

Ndinafunsa. A Margaret anaganiza kanthawi, yankho osalipeza.

Amayi anabwerera kunyumba, ndipo masana anafika ndi mpunga wa nkhuku ndi tiyi m'fulasiki. Anakhazika a Margaret pa mtolo wa udzu, nawayang'anira mpaka mbale inayera. Kenaka analanda chingwe, iwo amene ankaopa ngakhale mbuzi ya nyanga, n'kuima ndi Toby kuti mwiniwake akagoneko. Sabata imeneyo azimayi a kutchalitchi kwathu ankasinthana kubweretsa chakudya, ena akuima patali ndithu ndi kavaloyo.

Mankhwala ochepetsa kutupa anagwira. Toby anayamba kudya chakudya chofewa, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo nthiti zinabisika. Kupotako kunkabwerabe mwa apo ndi apo, koma anakhala nafe zaka zingapo.

Lero ndine namwino wa ziweto ku Leeds, ndipo ntchitoyi ndimaikonda. Kavalo wa matumbo otupa akabwera, ndimayamba ndi iye monga anandiphunzitsira kusukulu. Ndikatha, ndimatembenukira kwa munthu wagwira chingwe uja, n'kumufunsa kuti wadya liti. Ambiri amayamba aganiza kaye, ngati a Margaret.