Magalasi a Kumgodi a Bambo Beston

Atikonda atapeza chipinda cha lendi ku Robega, dera la pafupi ndi migodi, anansi anamuuza zoti pompi imauma pafupipafupi, koma za mkulu wa kuseri kwa mpanda wa waya sanamuuze. Anadzionera yekha m'mawa wina: nkhalamba itavala majombo ndi magalasi a kumgodi, itanyamula ndowa yotseka, ndipo m'ndowamo munali chinthu chikuzungulira.

Amenewo anali bambo Beston a ku Ntcheu, mtchona amene anakalambira m'migodi ya pulatinamu. Atapuma ntchito anaphunzira kugwira njoka zamoyo. Ankazipereka kwa mayi wina wa ku Pretoria wokama ululu.

Atikonda anali ndi mwana wokwawa, Lucy. Anauza mwamuna wake kuti mwezi ukatha asamukire ku Seraleng, ndipo pakadali pano mwanayo sankamutsitsa kumsana.

"Amake Lucy, mwanayo adzayenda liti?" anamuseka mkuluyo tsiku lina.

"Mukadzasiya kuweta njoka, agogo."

"Sindiweta, ndimangozichotsa m'makomo mwanu. Mu ululumo muli puloteni ina. A ku labotale amabaya nayo mbewa kuti mbali ina ya chitetezo cha m'thupi igone kaye, aone ntchito yake. Mbewa zoyera, zonenepa, ndipo sazidya ayi. Kuwononga ndiwo!"

Atikonda sanaseke.

Masana ena kukutentha, akusuntha dilamu la madzi, anaona mfezi, njoka yolavulira ululu m'maso, itadzipinda pansi pake. Dzina limene anakuwa linali la bambo Beston.

Anabwera ndi ndodo yawo yokowera. Njoka inalowa theka m'ndowa, koma magalasi anachita nthunzi ndi thukuta. Atangowakweza pang'ono, inalavula. Mkuluyo anatseka ndowa kaye, n'kukhalapo, kenaka ndiye anagwira diso.

"Mkaka wa m'mawere!" anakuwa Marta wa ku Tete, woyandikana naye nyumba. "Iwe woyamwitsa, finyira msanga!"

Atikonda anali atayamba kumasula bulauzi.

"Aa, mwanawe, pa ukalamba uno?" anabuula mkuluyo. "Mkaka siyira Lucy. Madzi, ambiri!"

Atikonda anapatsira Marta mwana, n'kupendeketsa mutu wa imvi uja, n'kumathira madzi jagi ndi jagi mpaka dilamu linatha, pompi ili youma. Kukiliniki anati diso lichira.

Patapita masiku bambo Beston anabwera ndi chikwakwa, diso lomanga. Anatchetcha udzu wonse, anakweza dilamu pa njerwa, anatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi mphira wa tayala.

Mwezi unatha, Atikonda za ku Seraleng sanazitchulenso. Amayang'anabe kuseri kwa dilamu m'mawa uliwonse, kawiri. Akatero amatsitsa Lucy pansi, ndipo mwanayo amayenda chogwira waya, kulondola kumene agogo akupukuta magalasi awo.