Kagalu Kanga ndi Galu wa Alamu

Ndinadandaula koyamba Lolemba loyamba la mwezi wotola thonje, chaka chimene dziko lathu linalowa m'chipani chimodzi. Kalatayo ndinailemba ndi kaboni pansi, ndipo pepala lapansilo ndikali nalo, pamodzi ndi mapepala a makalata onse amene anatsatila. Ndinalembela ankhoswe a banja langa, ndipo wodandaulidwa anali alamu anga, mlongo wamkulu wa akazi anga. Nkhani yake inali ya galu. Ndikudziwa kuti ena aseka kale pofika apa. Achibale a akazi anga nawonso anaseka, koma kuseka si kuyankha.

Ine ndinali kalaliki pa boma la Petauke. Kwathu si kuno, ndinabwela ndi ntchito, n'kukwatila mkazi wa Chinsenga wa ku Luembe. Chaka cha ufulu, azungu ali pakati polongedza, mai wina amene amuna ake ndinkagwila nawo ntchito anandiitana pakhonde pake. Anali ndi tiagalu tiwili toyela, ta ubweya wautali, kakamuna ndi kakakazi, toti kamodzi umakanyamula ndi dzanja limodzi ngati msoti wa nkhuku. Sakanatha kupita nato kwawo. Anati wasankha ine chifukwa anaona mmene ndinkasungila mapepala a ku ofesi. Anandipatsa tiagaluto, chipeso chake, ndi zikalata zosonyeza makolo ake mpaka agogo a agogo.

Anthu odutsa pampanda ankandifunsa kuti, “Bambo, kadzakula liti aka?” Ndikawauza kuti kanakula kale, ndiwo msinkhu wa mtundu wake, ankapukusa mutu n'kumauzana kuti akalaliki akupha agalu ndi njala. Sindinkakangana nawo. Galu wa m'mudzi amadzifunila yekha chakudya, amagona paphulusa, amaswela kuseli kwa nkhokwe popanda wodziwa. Aka sikanali choncho. Kankadya phala la mgaiwa lothila kapenta wosinja, nthawi zina dzila. Ubweya ndinkaupesa ndikaweluka kuntchito, n'kumafufuza nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala. Masiku amene sopo tinkamuimila pamzele, ndinkadulako kachidutswa ka agalu, akazi anga akung'ung'udza. Katemela wa chiwewe sitinaphonyepo, ndipo timapepala take tili m'bokosi.

Chachikulu chinali kubeleketsa. Kakakazi kakayamba kufuna kamuna koyamba, ndinkakatsekela, chifukwa thupi limakhala lisanakhwime. Kakaswa, ndinkakapumitsa nyengo yotsatila. Tiana sitinkachoka pakhomo tisanayambe kudya tokha, ndipo munthu akafuna kamodzi ndinkayamba ndapalasa njinga kukaona kumene akukhala. Mkulu wina wa chipani ndinamukaniza chifukwa nyumba yake inalibe mpanda ndipo ana ake ndinawapeza akugenda mbuzi. Anandiyang'ana moipa kwa chaka chathunthu, koma sanakatenge. Aphunzitsi ena aakazi a ku Kalindawalo ndinawapatsa kakakazi ndi mtima wonse, chifukwa iwo anayamba andifunsa ine mafunso ndisanawafunse. Lamulo loposa onse linali lakuti pachibale sakwelana. Ukalekelela mlongo ndi mlongo, ana amabadwa ofooka, ena opindika miyendo.

Tiagalu toyamba tija tinakalamba n'kufa. Ndinatsala ndi mwana wawo mmodzi, kakakazi, kamene ndinakasankha mwa onse chifukwa ka mano abwino, maso owala ndi mtima wofatsa. Tiamuna tonse ta mtunduwu ta m'dela lathu tinali abale ake, choncho ndinakasunga zaka zingapo osakabeleketsa. Kenaka ndinamva kuti ku Nyimba kwabwela anamwino ochokela ku migodi, ndipo ali ndi kakamuna ka mtundu womwewo. Tinalembelana, tinafananitsa zikalata, ndipo panalibe kholo limodzi lofanana. Tinagwilizana kuti nthawi ikakwana ndidzatumiza kanga, ndipo iwo adzatenga kamwana kamodzi monga mwa mwambo wa mwini wa mphongo.

Nthawiyo inakwana kumapeto kwa mwezi, pamene kalaliki sangachoke pa ofesi. Galu sadikila tchuthi cha munthu. Masiku ake akadutsa, adutsa. Alamu anga anali pakhomo pathu sabata imeneyo, atabwela kudzagula matayala a njinga, ndipo pobwelela kwawo ankadutsa pa Nyimba. Akazi anga ndiwo anati ndiwatume. Ndinayala nsalu m'dengu, ndinamanga chakudya chake, ndinalemba kalata ya anamwino, ndipo ndinawapelekeza kokwelela basi.

“Alamu,” ndinatelo, “dengu ili mukalipeleke m'manja mwa anamwino. Panjila musalitsegule kupatula pokapatsa madzi. Galu wina aliyense asakayandikile.”

“Ah, alamu,” anatelo, “ine ndinakusa ng'ombe kuchokela ku Msanzala mpaka kwathu. Ndilephele khoswe?”

“Si khoswe.”

“Nanga n'chiyani? Akuba akabwela kadzawanyambita zala, n'kuwasonyeza pamene mumabisa wailesi.”

Ndinaseka nawo, pakuti mlamu amaloledwa kunyoza. Sindinaganize kuti m'nthabwalamo munali maganizo awo enieni.

Anabwela nako patapita sabata ndi masiku. Nditatsegula dengu ndinaona chisoso chitamatilila ubweya wonse wa kumimba, ndipo pakhosi panali pothothoka. Pakhomo pa anamwino, monga ndinadzaonela pambuyo pake, panali posesa bwino popanda udzu. Alamu anamwa tiyi, anapempha wina, kenaka anayamba okha, nkhope ili gwa ngati munthu wobweletsa mphatso.

“Kamuna kanu kaja ndinakaona. Kamagona pampando, kali ndi kansalu pakhosi ngati mkwatibwi. Ndinati iyayi, alamu anga avutika mokwana ndi tinthu tonyentchela. Ndinapitilila nako kumudzi, ndakaika kwa galu wanga uja wosaka nguluwe.”

Ndinaika kapu pansi. “Mwati mwatani?”

“Ndakukonzelani mtundu. Si mmene alangizi a zaulimi anatiphunzitsila? Ukafuna nkhuku zazikulu umabweletsa tambala wamkulu. Mbuzi chimodzimodzi. Mudzandithokoza, mudzakhala ndi agalu oti munthu n'kuwaopa.”

Ndiyenela kunena chilungamo. Alamu anga sanachite ndi mtima woipa. Nkhuku zawo anazikonza mwa njila imeneyo ndipo zinali zabwino koposa m'mudzi monse. Koma nkhuku imaikila dzila, ndipo dzila silikula chifukwa tambala ndi wamkulu. Galu amanyamula ana m'mimba. Ndinawauza kuti achita ngati munthu wolowetsa kadzungu kanthete mumtsuko, n'kukasiya kakulile momwemo. Tsiku lokatulutsa, chimasweka ndi mtsuko.

“Mumaopa zambili, anthu a mapepala inu,” anatelo. “Munaonapo galu akuitanilidwa azamba?”

Galu amakhala ndi bele miyezi iwili. Ndinapita kwa bambo woona za ziweto, munthu wabwino wochokela kumpoto. Anakapapasa pamimba, n'kundiuza mosabisa kuti zida zong'ambila kanyama kotele analibe, ndipo mankhwala ogonetsa sankapezeka. Anati ndisakanenepetse, ndizikayendetsa, ndipo tsikulo ndimuitane. Ndinachita zonse. Mimba inakula mpaka kankayenda ngati bakha, ndipo kankapuma mwabefu kakangokwela pakhonde. Kankabwelabe kudzandichingamila pachipata ndikaweluka, mchila ukugwedezeka, ndipo ine ndinkalephela kukayang'ana kumaso.

Kanayamba kuvutika Loweluka masana. Bambo wa ziweto anali ku Msanzala kumene ng'ombe zinkadwala, ndipo pa ichi sindimuimba mlandu. Akazi anga, omwe aja ankang'ung'udza za sopo, anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anatenga mafuta ophikila amene tinkasungila alendo, n'kugwada pamphasa. Ine ndinagwila mutu. Mwana woyamba anatuluka movutikila kwambili, wofiilila, mutu wake wotsala pang'ono kufanana ndi wa make. Anali wamoyo. Wachiwili anaima panjila. Tinayesa mpaka dzuwa linapendeka, ndipo ndinapalasa njinga kukafunsa ngati bambo uja wabwela, koma anali asanabwele. Kagalu kanga kanafa Lamulungu m'mawa, belu la tchalitchi likulila. Ndinakakwilila pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba. Akazi anga anaima pambali panga atapinda manja, ndipo anati, “Bambo, alongo anga alakwa.” Mawu amenewo anawanena kamodzi kokha. Pamaso pa abale awo sanawabwelezenso, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake.

Kamwana kofiililako ndinakalela ndi mkaka wa mbuzi, ndikukayamwitsa ndi nsonga ya nsalu. Mpaka apa ndinali ndisanalembele munthu. Ndinkati alamu akamva adzabwela okha kudzapepesa, ndipo nkhani idzathela pakhonde. Anabweladi. Anakhala pampando womwe uja, anayang'ana kamwanako kakukwawa, n'kunena kuti:

“Ndamva kuti kamodzi kali moyo. Ndabwela kudzatenga gawo langa.”

“Gawo lanji?”

“Mwini wa mphongo amatenga kamodzi. Si mwambo umenewo? Onani mapazi ake, ndi atate ake enieni. Aka kadzagwila nguluwe.”

“Make ali pansi pa mango apo, alamu.”

“Pepani nazo, koma imfa ndi ya Mulungu. Ngakhale ng'ombe zimafa pobeleka.”

Sindinakweze mawu. Ndinawauza kuti kamwanako sikachoka pakhomo panga, ndipo Lolemba lotsatila ndinalemba kalata ija.

Ankhoswe sanayankhe. Ndinalembanso, ndipo tinadzakumana ku Luembe pa ukwati wa mdzukulu wawo. Anandikokela pambali akumwetulila. “Akamwini,” anatelo, “tiitane anthu akuluakulu, tiyale mphasa, chifukwa cha galu?” Ndinawafunsa ngati akanayala mphasa ikanakhala ng'ombe imene ndinasungitsa munthu, iye n'kuichita zimene ndinamuletsa mpaka kufa. Anati ng'ombe imalima. Ndinati chosungitsa ndi chosungitsa, chikhale chachikulu kapena chaching'ono, ndipo amene watumidwa ndi dengu alibe ufulu wosintha kumene likupita. Anati tidzaona tikakolola. Takolola kambili chichokeleni tsikulo.

Ndikudziwa malo anga. Ndine mkamwini, ndipo alamu ndi atsibweni a ana anga, amene mawu awo kuchimake amalemela kuposa anga. Apongozi anga, akali moyo, ananditumizila nkhuku kuti mtima wanga utsike. Ndinailandila ndi manja awili, tinaidya, ndipo ndinalemba kuthokoza, n'kuonjezela kuti nkhukuyo ndailandila ngati mphatso, osati ngati yankho.

Mtundu sunathe. Nditapeza tchuthi ndinapita ku Kalindawalo kwa aphunzitsi aja, ndipo anandibweleka kakakazi kawo, kobadwa mimba imodzi ndi kanga. Ulendo uno ndinakwela basi ndekha, dengu lili pamiyendo. Asilikali a pamsewu analitsegula, anaseka, mmodzi n'kufunsa ngati kali ndi khadi ya chipani. Ndinakapeleka m'manja mwa anamwino, ndinakhala ku Nyimba mpaka ntchito inachitika ndikuona ndi maso. Kanaswa popanda vuto, tiana toyela tokhatokha, ndipo anamwino anatenga kawo monga tinapanganila. Zidzukulu zake zili m'makomo angapo a ku Petauke ndi ku Nyimba mpaka lelo, ndipo khomo lililonse ndinaliona ndekha ndisanapeleke. Kuyambila pamenepo sindinatumenso munthu ndi dengu.

Galu wofiilila uja ndinamusunga, pakuti iye sanalakwe. Ndinamufula kuti asasokoneze mtundu, ndipo anakula wamsinkhu wapakati, waubweya wa make ndi mapazi a atate ake. Anakalambila pachipata panga. Alamu akabwela ankawauwa koposa munthu wina aliyense, ngakhale ine sindinamuphunzitse. Koma mpaka chaka chatha, pa malilo a kwawo, alamu ankauzabe anthu kuti akalaliki anawamana galu wawo, anthu n'kumaseka, ena n'kumandiyang'ana ngati ine ndiye wakuba.

Alamu akalamba, inenso ndakalamba, ndipo ankhoswe amene ndinawalembela poyamba anamwalila. Choncho ndikupempha mwaulemu inu amene munalowa m'malo mwawo kuti tikadzasonkhana ku Luembe poika mwala pamanda a apongozi, muyale mphasa, mutikhazike pansi awilife. Sindifuna mbuzi, nkhuku kapena galu. Alamu anene pamaso pa abale ngati ndinawatuma kwa anamwino kapena kwa galu wawo, ndipo abweze mawu akuti ndinawamana gawo. Ngati mukuona kuti mlanduwu suyenela mphasa, mundiuze chifukwa chake polemba, kuti ndiike pamodzi ndi mapepala enawa. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe tonse awili tikali moyo.